Zida za a Sikweya Zili Pansi

Tsiku limene a Sikweya anatuluka m'chipatala, akazi awo anapita kushedi n'kutsitsa zida zonse zimene zinali pakhoma. Macheka, hamala, puleni, matchizulo, mpaka sikweya yoyezera ngodya, yeniyeniyo imene inawapatsa bambowo dzina, zonse anaziyala pansi, pa simenti, ngati tomato pamsika. Atamaliza anawaza utuchi wosalala pamwamba pake, anatseka chitseko, n'kubwerera kumakina awo osokera.

Mayiwa anthu ankangowatchula kuti a Telala. Anali atakhala ndi kalipentala ameneyu zaka makumi atatu ndi zinayi, ndiye panalibe chimene akanawanamiza. Kubisa zida sikukanathandiza, bambowo akanazifukula. Kukhoma loko nakonso kunali kutaya nthawi, chifukwa amene anaika chitsekocho ndi iwo omwewo, akanachizula ndi mahinjesi omwe. Pamwamba ndiye osayerekeza, munthu wake ngwamtali ngati mlongoti. Malo okhawo amene a Sikweya sakanafikira anali pansi, pakuti adokotala anali atawaletsa kuwerama.

Msanawo unayamba kuvuta kalekale, koma eni ake ankangoti ndi nyengo. Kukazizira, ndi nyengo. Kukatentha, ndi nyengo. Mwendo wamanzere utayamba kuchita dzanzi anati ndi nsapato. Chilungamo chinadziwika tsiku limene anagwa pakhomo pa kasitomala atasenza chitseko, n'kukanika kudzuka. Atawajambula kuchipatala kunapezeka kuti fupa limodzi la m'munsi mwa msana linali litasuntha pamalo pake, likusewera pa linzake n'kumapana mitsempha yopita kumiyendo.

Adokotala ake anali mayi wamfupi, wolankhula motsitsa. Anati awachita opaleshoni, amanga mafupa awiriwo ndi mabawuti anayi ndi tizitsulo tiwiri.

"Mabawuti?" a Sikweya anadzuka nawo. "Pamsana panga? Ine ngakhale mpando sindimanga ndi mabawuti. Imeneyo ndi ntchito ya alesi."

A Telala anawatsina pantchafu, koma adokotala sanakhumudwe.

"Mpando mukaupaka guluu mumautani, bambo?"

"Ndimaupana ndi zopanira mpaka uume."

"Basitu. Mabawuti angawo ndi zopanira chabe. Pakati pa mafupawo ndiikapo tizidutswa ta fupa, ameneyo ndiye guluu wake. Akagwira, mafupa awiriwo asanduka limodzi, kusewera kutha."

A Sikweya anakanda pamutu. Zinawasangalatsa, koma sanafune kuonetsa. "Nanga guluu wanuyo amauma masiku angati?"

"Yovuta ndi miyezi itatu yoyambayi. Osawerama, osapotokola thupi, osanyamula chinthu choposa makilogalamu awiri. Mukaphwanya zimenezi mafupa sagwirana, mabawuti amasuka, ndipo ndidzakutsegulaninso. Kachiwiriko za mwendowo sindilonjeza."

Mawu omalizawa a Telala anawasunga mumtima. Amuna awo ndiye anangomva za guluu zokha.

Chimene chinkawopsa mayiwa n'chakuti mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo bambo ake anali atalonjeza kabedi ka khanda. Matabwa anali atagula kale, ali khale pakona ya shedi. Miyezi itatu ya adokotala ndi miyezi itatu ya mwanayo inkathera pamodzi, ndipo a Telala ankadziwa bwino lomwe miyezi imene amuna awo ankawerenga.

Masiku oyamba kunalibe vuto. A Sikweya ankadzuka pabedi mogubuduka ngati chipika, monga anawaphunzitsira, n'kumangidwa chilamba cholimba kuyambira m'chiuno mpaka m'nthiti. Kuyenda ankaloledwa, ndiye ankazungulira nyumba ali njo, ngati ameza ndodo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kuzungulirako kunakathera kushedi. A Telala anamva chitseko chikulira, anasiya kupalasa makina n'kutchera khutu. Kunali zii. Patapita kanthawi bambowo anatulukira pakhomo, nkhope ili gwa.

"Amayi, kushediku kwalowa akuba."

"Aa! Aba chiyani?"

"Sanabe kanthu. Angoyala zonse pansi."

"Ndiye ndi akuba aulemutu amenewo," anatero a Telala, n'kupitiriza kusoka kolala.

A Sikweya anawayang'ana nthawi yaitali osaphethira. Apa a Telala anadziwa kuti nkhondo yayamba.

M'mawa uliwonse mayiwa ankapita kukayendera utuchi wawo. Masiku atatu unali bwinobwino. Tsiku lachinayi anapeza pamene panali tchizulo pali chithunzi chake chokha, choyera, utuchi uli m'mbali. Anayang'ana ngati pali pamene munthu anagwada kapena kutsamira dzanja, koma panalibe. Masana ake anayerekeza kupita kokagula ulusi, anazungulira kuseri n'kusuzumira pawindo la shedi. Anapeza amuna awo ataima chilili, msana uli nga, m'manja muli chingwe. Kunsonga kwake anali atamangirira maginito amene anachotsa m'wailesi yakale ya pabalaza, ndipo ankawedza. Lilime lili panja, maso ali pa sikweya imene inkakwera pang'onopang'ono ikuzungulira.

"Zikudya nsombazo?" anafunsa a Telala pawindopo.

Sikweya inagwa, ngwee!

"Sindinawerame," anatero a Sikweya. "Funsani aliyense. Sindinawerame."

"Nanga wailesi yanga?"

"Inali yakufa kale ija."

Zoti sanawerame zinali zoona, ndipo a Telala anafuna kuseka, koma anadziletsa. Munthu ameneyu ukamusekerera kamodzi ndiye kuti wamupatsa chilolezo. Madzulo ake anatenga chinsalu chokhuthala chimene chinatsala atasoka makatani a sitolo ina, anachiyala pansi m'shedimo, anaika zida zonse pamwamba, n'kukutira ndi china. Kenako anagwada ndi singano yaikulu n'kusoka mozungulira chida chilichonse, chokhachokha m'chipinda chake. Pomaliza anasokerera chinsalucho kumiyendo ya tebulo la ntchito. M'mawa mwake maginito ankangoti kakamira pansalu, kukoka osatheka.

"Mwasoka hamala," anatero a Sikweya pa tiyi, ngati munthu wonena za maliro. "Chibadwire sindinaonepo munthu akusoka hamala."

"Mwaonatu lero. Shuga ndikuthirireni?"

Milungu iwiri inadutsa mwamtendere, moti a Telala anayamba kudzitama mumtima kuti apambana. Apa ndi pamene analakwitsa. Anaganizira zida, anaiwala matabwa.

Linali Lachiwiri m'mawa, mlungu wachisanu chichitikireni opaleshoni. Anapita kukapereka mayunifolomu kusukulu ina, ulendo wa ola limodzi. Pobwera anapeza nyumba ili pululu, chitseko cha shedi chili chotsekula. Amuna awo anali pansi, atagona chammbali, thabwa lalitali lili pambali pawo. Thukuta linali kamukamu, milomo itayera.

"Ndimangofuna kuliona mbali inayo," ananong'ona. "Ndimve ngati lauma."

A Telala anachita mantha amene sanawamvepo chikwatiwire. Anagwada n'kuwagwira phazi lamanzere.

"Mukumva? Ndikukugwirani apa, mukumva?"

"Ndikumva."

"Gwedezani zala."

Zala zinagwedezeka. Mayiwo anathamangira kwa aneba amene ali ndi galimoto, ndipo amuna awiri anawanyamula a Sikweya pa chitseko chakale, chogona, osawapinda.

Kuchipatala anawajambulanso. Adokotala anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali ndithu, ndipo a Telala anaganiza kuti akuchitira dala.

"Mabawuti ali m'malo," anatero pomaliza. "Mwangokoka mnofu. Koma bambo, tandiuzani. Kasitomala atakhalira mpando umene mwangoupaka guluu, mungamutani?"

A Sikweya anayang'ana kudenga. "Ndingamuthamangitse."

"Ine sindithamangitsa. Ine ndimatsegula. Mwapulumuka lero lokha."

Atafika kunyumba a Telala anawagoneka amuna awo, anawavula nsapato, anawaikira pilo pansi pa mawondo. Atamaliza m'pamene anaphulika.

"Mukufuna chiyani kwenikweni, bambo inu? Njinga ya olumala? Nenani ndikaitanitsiretu! Ine ndakhala ndikusewera nanu ngati mwana, kuwaza utuchi, kusoka mahamala, anthu kumandiyesa wamisala. Kabedi! Kabedi kamagulidwa m'sitolo! Mwendo mukaugula kuti?"

Misozi inali ikutsika, ndipo sanaipukute.

"Mwana wathu uja anagona m'dirowa," anatero a Sikweya motsitsa.

"Mwati chiyani?"

"Atabadwa. Munatulutsa dirowa ya kabati n'kuyalamo thaulo. Ine ndinali kalikiliki kukhomera ana a anthu ena mabedi, ndikuti wathu ndimupangira mwezi wamawa. Mpaka anayamba kuyenda. Inu simunandinenepo, koma ine sindinaiwale."

A Telala anali ataiwala. Kwa iwo dirowa ija inali nkhani yoseketsa alendo, osadziwa kuti mnzawo yakhala ikumudya zaka makumi atatu. Mkwiyo wonse unaphwa. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya malaya.

"Chabwino," anatero. "Kabediko kapangidwa, ndipo kapangidwira m'shedi mwanu momwemo. Inu mukhala pakamwa, ine ndikhala manja. Koma mukangogwira thabwa, ndiwotcha onsewo."

"Inu? Macheka munawagwirapo?"

"Sizasi ndagwira zaka makumi anayi. Kudula n'kudula."

Sikunali kudula n'kudula. Zida zija anazimasula m'chinsalu, koma tsiku loyamba macheka ankadumpha, kupindika, kulira ngati mbuzi. A Sikweya anali atakhazikidwa pampando wautali wotsamira pafupi ndi chitseko, kutali ndi chilichonse chogwirika, manja atawapinda pachifuwa kuti asawanyenge. Pakamwa pokha ndiye panali paufulu, ndipo anapagwiritsa ntchito.

"Musakankhe! Asiyeni macheka adye okha! Chigongono pafupi ndi thupi! Amayi, mukudula thabwa kapena mukulipha?"

"Mukapitiriza ndikusokani pakamwa."

"Ndi ulusi wanji, poti wonse munathera pa hamala?"

Koma manja a telala ndi manja ophunzira. Pofika mlungu wachiwiri mzere unkawongoka, puleni inkatulutsa timapepala topotana, ndipo a Telala anayamba kulikonda fungo la thabwa. Bambowo ankatchula miyeso ali pampando, mayiwo ankayeza ndi tepi yawo ya m'khosi, kulemba ndi choko chawo chosokera, n'kudula. Mabowo a timitengo ta m'mbali anaboola makumi anayi, matuza ali m'manja. Tsiku lina atakwanitsa kulumikiza ngodya yoyamba, anaipititsa kumpando kuti eni ntchito aione. A Sikweya anaikapo sikweya yawo, anayang'ana kudzera m'kuwala kwa pakhomo, anatembenuza, anayang'ananso.

"Hmm," anatero.

Pa zaka zonse zimene a Telala anawadziwa, anthu amene analandirapo "hmm" ameneyu sankakwana asanu. Tsiku limenelo anaphika nyama.

Kabedi kanatha mlungu wachisanu ndi chinayi chichitikireni opaleshoni. Kanali kokongola, kosalala, kopanda msomali ngakhale umodzi. Mkamwini wawo, munthu wofatsa wogwira ntchito ya magetsi, anabwera ndi kamatiresi kamene anagula potsatira miyeso imene apongozi ake anamupatsa. Anakaika m'kabedimo. Kamatiresi kanangoti khutu pakati, mbali zonse zinayi kutatsala mpata wolowa zala ziwiri.

"Akupatsani kolakwika," anatero a Sikweya. "Anthu a m'masitolo ndi choncho."

Mkamwini anatulutsa tepi yake yachitsulo n'kuyeza matiresi. Inali ndendende. Anayeza kabedi, anayezanso, kenako anayamba kuyang'ana nsapato zake.

"Nenani, bambo," anatero a Sikweya.

"Kakula ndi masentimita anayi. M'litali ndi m'lifupi momwe."

A Sikweya anatembenuka thupi lonse pamodzi ndi mpando, poti khosi lokha silikanakwanira. "Amayi, ndinati zana limodzi ndi makumi awiri. Munadula zingati?"

"Zomwezo."

"Zomwezo?"

"Zomwezo, kuphatikiza ya msoko."

"Ya chiyani?"

"Ya msoko. Awiri uku, awiri uku. Nanga munthu n'kudula ndendende pamzere? Ukalakwitsa ubweza chiyani?"

Mkamwini analuma mlomo, mapewa akugwedezeka.

"Thabwa," anatero a Sikweya pang'onopang'ono, "limasokedwa?"

Apa m'pamene a Telala anazindikira. Sanachite kuganiza n'komwe. Zaka makumi anayi dzanja lawo silinadulepo chinthu osasiya malo a msoko, ndipo linachita zomwezo pa thabwa lililonse, mwakachetechete, mokhulupirika. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu, koma kugonja pamaso pa mkamwini sakanalola.

"Mwana amakula," anatero. "Mayunifolomu onse ndimasoka okulirapo, palibe kholo linadandaulapo."

A Sikweya anayamba kuseka. Anaseka atagwira chilamba ndi manja awiri, akudandaula kuti amayi musandiseketse ndimasuka mabawuti, misozi ili chuchuchu. Mpata uja unali woopsa kwa khanda, ndiye a Telala anagula siponji ina n'kusoka matiresi yatsopano yokwana bwino, ntchito ya ola limodzi. Vuto linatsala linali la chitseko. A Sikweya anayeza kabediko kuti kadzalowe kuchipinda kwa mwana wawo motsala pang'ono, ndipo pang'onopo ndi pamene panadyedwa ndi msoko. Mkamwini anachita kuzula chitseko cha kuchipinda kwake kuti kalowe.

Mwana sanadikire tsiku lake. Anabadwa kutatsala milungu iwiri, wamwamuna, ndipo a Sikweya anali adakali m'chilamba, kutatsala milungu iwirinso kuti akajambulidwe. Tsiku limene mayi ndi khanda anatuluka m'chipatala, agogo awiriwo anapita kunyumba kwa mwana wawo m'mawa. A Sikweya anavala jekete pamwamba pa chilamba, mabatani osakumana. Njira yonse ankafunsa ngati kabedi sikakugwedera, ngati anakaika kutali ndi windo.

Anapeza mwana wawo atakhala pabedi, wotopa koma akumwetulira, kanthu kali m'manja kokutidwa m'shawelo yoyera. Kabedi kanali pambali, kadakali kopanda munthu.

"Sindinamugonekemo," anatero mwanayo. "Ndimadikira inu, ababa. Mumugoneke ndinu."

Anaimirira n'kuwatambasulira khandalo. A Telala anaona nkhope ya amuna awo ndipo mtima wawo unasungunuka. Munthu ameneyu anadikira zaka makumi atatu. Kunyamula kamwana, kuwerama pang'ono, kukagoneka, basi. Milungu khumi yaupolisi inawachoka m'mutu nthawi imodzi.

"Mulandireni, bambo," anatero. "Kamodzi kokha sikanthu. Ine sindikuona."

Manja a a Sikweya anali atanyamuka kale. Anafika pakati n'kuima.

"Akulemera bwanji?"

"Makilogalamu atatu ndi theka," anayankha mkamwini monyada.

Manja aja anakhala m'malere kanthawi. Kenako anatsika, ndipo a Sikweya anawabisa kumbuyo.

"Ayi," anatero, mawu atasasa. "Ameneyu ndikufuna ndidzamunyamule ali ndi makilogalamu makumi awiri, ndidzamuike paphewa. Mugonekeni ndinu, amayi. Kabedi n'kanu komwe."

A Telala analandira mdzukulu wawo, anawerama, n'kumugoneka pa matiresi pang'onopang'ono. Amuna awo anaima pambali pawo ali njo, manja kumbuyo, akuyang'ana pansi ndi maso okha. Misozi inkatsikira pa jekete, ndipo mayiwo anawapukuta ndi chikhatho.